Gogodera imene ndinasankhira Bambo Tembo

Ntchito yanga yoyamba ku England ndinaipeza ndi tupa. Ndinabwera kuno kutsatira mkazi wanga, yemwe ndi namwino, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkangotsuka mbale m'nyumba ku Beaumont Leys, digiri ya uinjiniya ili phee m'sutikesi. Mnzake wina wa ku wodi ndiye anatchula kuti azakhali ake akusowa munthu wodziwa zitsulo pa kashopu ka mfuti, kumudzi wina kupitirira Market Harborough. Ndinakwera mabasi awiri. Mwini shopuyo, Mayi Pauline, za digiri sanafunse n'komwe. Anandipatsa kachitsulo ndi tupa kuti ndisalaze, atakhutira n'kunena kuti ndibwere Lolemba.

Tinkagulitsa ndi kukonza mfuti zachikale, zija kwathu timati gogodera. Kwathu ukapezeka nayo ndiwe wa m'manja mwa apolisi, koma kuno madoda a penshoni amaombera nazo mapepala Lamlungu ku kalabu, laisensi ili m'thumba. Kachitidwe kake n'kotere: umayeza onga ndi kamuyezo ka mkuwa n'kuthira kukamwa kwa mpope, umayala kansalu kodzola mafuta, pamwamba pake chipolopolo chobulungira cha mtovu, n'kuchikankha ndi ndodo yotsendera mpaka chikakhale pa onga penipeni. Chikaima panjira iwe n'kuomba, mpope ukhoza kukuphulikira kumaso. Nambala ya mfuti ndi kukula kwa chibowo chake. Ya .50 ili ndi chipolopolo ngati nzama yaikulu ndipo imakankha phewa kwambiri, pomwe ya .32 chake n'chonga nandolo ndipo sikankha.

Mayi Pauline anali ndi lamulo limodzi. Aliyense wofuna mfuti ankayamba wapatsidwa mpope wakale, ndodo, tinsalu ndi zipolopolo zitatu, kuti alowetse yekha ife tikuona. “Kuomba aliyense amatha,” ankatero. “Iwe uziona mmene akulowetsera.”

Bambo Tembo anabwera tsiku limene mayiwo anali atapita kwa dokotala wa mano. Anali mkulu wa ku Chipata, wokhala ku Oadby zaka makumi anayi, akazi awo atamwalira kale. Atamva dzina langa anaseka mpaka misozi, kuti m'shopu ya mfuti mwa azungu mwapezeka wa ku Mchinji. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, ndipo m'moni momwemo ndinamva kuti dzanja lawo likunjenjemera, zala zitakungana. Ndinamva bwinobwino, ndisaname.

Anandiuza kuti phewa lawakana, ya .50 ija ikuwagoneka masiku atatu akaomba nayo. Mwana wawo wamkazi ankafuna kuti asiye mfuti zonse, koma iwo anati kalabu ndi malo okhawo otsala kumene anthu amawaitana ndi dzina, kwina konse ndi odwala chabe. Apolisi amalemba saizi ya mfuti pa laisensi ndipo kusintha kumatenga miyezi, choncho mwayi wosankha unali umodzi.

“Nisankhireni imwe, mwana wanga,” anatero. “Nifuna chabe zaka ziwiri.”

Mpope woyesera uja unali pansi pa kauntala, pafupi ndi bondo langa. Koma ine, mwana wolera bwino, ndikauze munthu wa msinkhu wa bambo anga, amene anayamba kuomba ndisanabadwe, kuti tandionetsani ngati mumatha? Ndinangoganiza za phewa n'kunena kuti .32 ndiye mankhwala ake. Ndinkadziwa kuti mpope waung'ono umadzaza mwaye msanga, ukaomba kawiri katatu ndodo imayamba kulimba, komanso kuti kachipolopolo kake kamafuna zala zomvera. Ya .45 yothira onga wochepa ikanawachitira chifundo konsekonse. Zonsezi zinali m'mutu mwangamu, koma ulemu unandipusitsa.

Laisensi inatuluka patatha miyezi inayi. Lamlungu loyamba ndinapita nawo ku kalabu kuti ndikawongole kachitsulo kolozera ka pa mfutiyo. Kunali mphepo ya Malichi yolowa m'mafupa, ndipo mwana wawo uja anatsala m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono. Chipolopolo choyamba chinawapulumuka n'kugwera m'miyala. Chachiwiri chimodzimodzi. Ndinatola, iwo n'kuseka, koma amene anali m'mbali mwathu anali atasiya kale kucheza. Anaomba kawiri, ndipo kunena zoona anamenya pafupi ndi pakati pa pepala. Nkhope ija inawala ngati ya munthu amene walandira mlendo wochokera kumudzi.

Kachitatu mwaye unagwira. Ndinawauza kuti tipukute kaye mumpope, iwo anati akudziwa. Anakankha ndodo, manja akugwedezeka, mpaka anatopa n'kuganiza kuti chafika. Pa ndodo pamakhala chizindikiro chosonyeza kuti chipolopolo chakhala pa onga, ndipo chawo chinali chikadali pamwamba, kutalika ngati chikhatho. Ndinachiona. Ndikusakasaka mawu aulemu owauzira, iwo anali atakweza kale mfuti paphewa. Amene anakuwa kuti aliyense aime anali woyang'anira bwalo, osati ine.

Panalibe amene anavulala. Woyang'anirayo anatenga mfuti m'manja mwawo mofatsa, ine ndinazula chipolopolocho ndi ndodo ya sikuluwu, anthu onse akuonerera. Mwana wawo anali atatsika m'galimoto. Sanakalipe, anangowaveka bambo ake sikafu n'kuwauza m'Chingerezi kuti basi, zakwana. Komiti ya kalabu inakumana sabata yomweyo n'kuwachotsa, ndipo popanda kalabu laisensi ilibenso poimira.

Mayi Pauline anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinawapatsa mpope woyesera. Nditayankha anangogwedeza mutu n'kundituma kuti ndikatenge ndekha mfuti zonse ku Oadby, popeza zinayenera kusungidwa kwa ife. Ndinawapeza Bambo Tembo atazipukuta kale n'kuziyala pa tebulo lodyera. Ndikumanga ya .32 ija m'chikwama anandigwira mkono.

“Tsiku lija munaona manja anga. Chifukwa chani simunakambe?”

Ndinati ndinkachita ulemu. Iwo anati kusiyana ndi ulemu wotere, akanakonda ndikanawatukwana.

Mwina ya .45 ikanawapatsa zaka ziwiri zija, mwina chimodzi, mwina ayi. Sindidzadziwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Chilimwe chisanathe anawasamutsira ku nyumba yosungira okalamba, ndipo nditapitako kawiri anapempha anamwino kuti andiuze ndisamavutike kubwera. Ndinagwira pa shopu ija zaka zina zinayi mpaka inatsekedwa, ya .32 yawo ija ikadali pakhoma yopanda woigula. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa, kaya wa imvi mutu wonse, ndinkamuikira mpope, ndodo ndi zipolopolo zitatu pa kauntala, manyazi akundigwira chimodzimodzi, ine n'kumayang'ana manja ake.