Mphemvu Pansi pa Nsapato Yanga

Tsiku limene mayi oyendera zaukhondo anabwera kulesitilanti yathu ya masangweji ku Springs, abwana anali atatichenjeza kale kuti pakapezeka vuto, malo atsekedwa. Ine wopanda mapepala, ntchito ina ndikanaipeza kuti ku Joni kuno?

Ndinkadula tomato pamene chimphemvu chinatuluka pansi pa firiji. Ndinachiponda msanga, n'kuima pomwepo ngati chitsa. Sichinafe. Ndinkachimva chikutakataka kunsi kwa nsapato.

"Sisi, tandionetsani posamba m'manja," anatero mayiwo.

Sinki inali cha kukhomo uko. Ndinangoloza ndi mpeni.

"Simungayende?"

"Bondo, mayi. Limandivuta."

Anandimvera chisoni mpaka kundibweretsera mpando, ine n'kukana kuti ndikakhala limapweteka koposa. Anasuzumira m'firiji, ananunkhiza poloni, n'kulemba m'buku lawo kuti khitchini ili bwino. Nthawi yonseyo ine thukuta lili kamukamu, phazi litachita dzanzi. Ndinkadziwa kuti kuseri kwa firijiyo kuli mudzi wonse wa mphemvu, pafupi ndi buledi amene timadyetsa anthu. 

Chikalata chathu cha zaukhondo tsopano chili pakhoma, ndipo abwana amanditama. Tsoka lake, mayi aja anakonda masangweji athu a nkhuku. Amabwera pafupipafupi masana, ndipo asanaitanitse chakudya amayamba afunsa za bondo. Sabata yatha anandigulira mankhwala opaka.

Ndiye ndikangowaona pakhomo, ndimayamba kutsimphina. Chondisowetsa mtendere n'chakuti ndinaiwala kuti linali bondo liti.