Khadi Lolowa Dzina la Linzake

Benchi ya mwana wanga Stelia inagundana ndi yanga pa msika wa Kamwendo. Ine ndimagulitsa mchere, tomato ndi anyezi. Iye ali ndi laputopu yothyoka pakona, ambulera ndi timabotolo ta utoto wopaka m'zikhadabo. Ntchito yake ndi kuthira nyimbo m'mamemole khadi a foni. Ena akamva choncho amapinda milomo, ati ndi ntchito ya anyamata osowa chochita. Apinde, milomo ndi yawo.

Kuno foni imodzi imadutsa m'manja ambiri. Bambo ali ndi khadi lawo la nyimbo za ku Zambia, mayi ali ndi la kwaya, amangosinthanitsa. Mutu umapweteka khadi likatopa. Munthu amagula latsopano, amakoperamo zonse, koma foni imangoti kakasi, nyimbo zimene anazisankha osazipeza. Stelia anandiuza kuti khadi lililonse lili ndi dzina lobisika, la manambala ndi zilembo, ndipo foni imalondola zinthu potsata dzinalo. Khadi lachilendo, ngakhale lisenze katundu yemweyo, foni silizindikira. Ndiye iye amatenga dzina la khadi lakale n'kupatsa latsopano, monga mdzukulu amalowera dzina la agogo ake. Akatero amadonthezapo utoto pamwamba kuti wosadziwa kuwerenga azizindikira lake. Palibe anamuphunzitsa, anazifufuza yekha ndi makani ake amene anatengera kwa ine.

Tsiku lina fodya atatha kugulitsidwa, kunabwera a Lameki, tenanti wa pa esiteti ina cha ku Chiosya. Kwawo ndi ku Phalombe, ndipo masana omwewo lole inali kunyamula matenanti kubwerera kwawo. Akazi awo, a Consolata, anamwalira m'dzinja ndipo anaikidwa konkuno. Mayi ake a malemuwo, nkhalamba yosayenda, maliro sanafike.

"Mwanangu," anatero a Lameki akupereka foni, "mayi a kunyumba amakonda kudzijambula mawu akamasoka fodya, akuimba za kutchalitchi. Anaziika pa kanyenyezi ka m'foni apa. Ine ndimangodina pomwepa, iwo n'kuyamba kuimba. Khadi linayamba kuvuta, mnzanga wandikoperera m'latsopano, koma pa kanyenyezi palibe kanthu. Apongozi ndinawalonjeza kuti ndikawamvetsera mawu a mwana wawo. Ndikanena chiyani?"

Stelia anatsegula khadi latsopanolo. Munali phwamwamwa, nyimbo zosawerengeka, maulaliki, mpira, zonse zolembedwa manambala okhaokha. Kusaka mawu a munthu mmodzi m'menemo kukanatha sabata, pomwe lole inali italiza kale hutala pa siteji.

"Lakale lija munalitaya, bambo?"

A Lameki anamasula mfundo ya pakona pa mpango wa m'thumba. Kakhadi kanali momwemo, kokandikakandika, konunkha chikonga.

Stelia analiika m'laputopu, koma silinaoneke. Analipukuta ndi nsonga ya chitenje, analiuzira mpweya, n'kuyesanso. Zii. Ine maso anali pa laputopu, mpaka kasitomala wina ndinamupatsa anyezi m'malo mwa tomato. Mnzawo wa a Lameki anafika wefuwefu kudzanena kuti katundu wakwezedwa kale ndipo dalaivala sadikira munthu. Ndinamuyankha ndine: "Kamuuzeni ayambe wamwa tiyi, msewu wa ku Lilongwe suthawa."

Mwana wanga sanadzutse mutu n'komwe. Anapinda kapepala, n'kukatsinira pamodzi ndi khadilo kuti ligwire bwino, chala chili chipanikizire. Khadi linaphethira kamodzi. Anakopera dzina lija msangamsanga, ndipo asanachotse chala, linazimiratu. Silinayakenso.

Anasunga zonse za m'khadi latsopano pa laputopu, analipatsa dzina la lakale, n'kubwezeramo katundu yense m'malo mwake. Anafunsa a Lameki mtundu wa utoto. Iwo anasankha wobiriwira, ati ndi wa chitenje cha kwaya ya akazi awo.

"Dinani pomwe mumadina paja, bambo."

Chala chawo chakuda ndi utomoni wa fodya chinadina pa kanyenyezi. Mawu a mzimayi anatuluka, opyapyala, otsetsereka bwino, kumbuyo kukumveka tambala ndi kukhwekhwereza kwa masamba ouma. Amayi ogulitsa nawo tinasiya malonda. Sindibisa, ndinanyada mpaka ndinauza mayi wina wongodutsa, amene sanandifunse n'komwe, kuti uyo ndi mwana wanga, wobereka ndekha.

Nyimbo itatha, foni sinazime. A Consolata anatsokomola pang'ono m'fonimo, kenako anati, "A bambo a Thandiwe, mukapita ku Kamwendo musaiwale mchere."

"Ndamva," anatero a Lameki chapansipansi.

Hutala inaliranso. Iwo anaika foni m'thumba la malaya, n'kumanga batani, ndipo khadi lakufa lija analibwezera m'mfundo yake. Kenako anatembenukira pa benchi yanga n'kuloza paketi ya mchere. Ndinawakulungira yaikulu, ndipo anathamangira lole ataifumbata pachifuwa.