Batani la a Namakhwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Titamaliza kuphunzira nyimbo tsiku lina, a Rozina, amene tinkaimba nawo, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndingasamale bambo awo, a Namakhwa, telala wa pa Namadzi amene sitiroko inawagwetsa ali pa makina. A Rozinawo ankagwira ntchito ku Limbe. Ine n'kuti nditangolemba mayeso a Folomu 4, ndikungopalira nandolo kwathu kwa Kadewere. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

A Namakhwa dzanja lamanja linali litapindika, mwendo ankachita kuukoka. Tsono ine ndinaleredwa bwino, musandione chonchi. Madzi osamba m'manja ndinkawathirira nditagwada, n'kuwasambitsa ndekha. Phala ndinkawamwetsa ndi sipuni. Malaya ndinkawaveka, mabatani n'kumanga onse mpaka la pakhosi. Odzazonda matenda ankati, “Koma mtsikanayu ndi waulemu!” Ine kunyada ngati ndapata mendulo.

Koma dzanja linkangoumirabe. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti zala zinkagwedera pang'ono a Namakhwa akamva makina a telala mnzawo akulira patsidya pa msewu. Ngati zikugwedera ndiye kuti sizinafe. Nanga amene amadzutsa zala zotere ndani?

Ndinafunsa nesi wa pachipatala cha mishoni pokatenga mankhwala a BP. Anati alipo dokotala wake wothandiza ziwalo zofooka kuti zibwerere pa ntchito, amagwira limodzi ndi anthu a mafizo, koma amachokera ku Blantyre mwa apo ndi apo. Anatilembera m'buku la kuchipatala kuti tikamuone. Ulendo woyamba tinapeza kuti anabwera dzulo lake. Wachiwiri mvula inatibweza, a kabaza anakana kunyamula wodwala pamatope. Wachitatu ndiye tinamupeza.

Anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi malonje. Anagogoda chigongono ndi bondo ndi kanyundo ka labala, anatambasula zala chimodzichimodzi, kenako anawayendetsa pakati pa mipiringidzo iwiri yogwirira. Ine maso tong'o, chilichonse ndikufuna kudziwa ntchito yake.

“Bambo, mukufuna dzanjali lizichita chiyani?” anafunsa.

“Kusoka.”

Dokotala anamasula batani limodzi la malaya awo. “Mangani.”

Ine n'kudumphira pomwepo, chizolowezi.

“Achemwali, manja kumbuyo,” anatero dokotala. Atandifunsa mmene ndimawasamalira, ndinafotokoza zonse monyadira. Anapukusa mutu. “Dzanja limene mukuligwirira ntchito zonse limaiwala ntchito yake. Mukapitiriza chonchi liuma, ndipo singano sadzaigwiranso.”

Abale inu, ndinapsa mtima! Maulendo atatu kudzangomva kuti wolakwa ndine? Komabe malangizo ndinawalemba: kutambasula zala m'mawa ndi madzulo, kufinya sokosi yodzaza mchenga, kutola nandolo m'mbale n'kuika m'kapu, ndi kumanga okha batani limodzi tsiku lililonse.

Tsiku lovuta linali Lamulungu lotsatira. Akhristu a mphakati anabwera kudzapemphera nawo, n'kupeza a Namakhwa ali pakhonde, akulimbana ndi batani, chifuwa chili pamtunda. Zala zinkaterereka, thukuta kamukamu.

“Esinta mwanawe, tandimanga, anthu akundiona,” anandinong'oneza.

Ndinaima chilili, manja kumbuyo, ndikupotokola chitenje. Mayi wina wamkulu anadzuka. “Mwano wanji umenewu? Munthu wamkulu akhale chonchi iwe uli pomwepo?” Anatambasula dzanja kuti awathandize, ine n'kumutchingira.

“Pepani amayi, adokotala anakaniza.”

Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. A Namakhwa misozi inalengeza, inenso yanga inali ikutsika. Pemphero silinayambe. Patapita nthawi, batani linalowa. Linalowa pabowo lolakwika, malaya anakhota, koma analowetsa ndi iwowo. Masiku atatu sanandiyankhule, ndipo ndinkangodikira kuti a Rozina abwera kudzandithamangitsa. Tsiku lachinayi ndinawapeza m'mawa akutola nandolo okha, osawauza.

Pa makina sanabwererenso monga kale, ndisaname. Koma patadutsa miyezi, batani la bulauzi yanga yakukwaya linathothoka, iwo n'kuitanitsa singano ndi ulusi. Ulusi unkaphonya bowo la singano, kuphonya, kuphonyanso. Dzanja langa linanyamuka lokha.

“Esinta,” anatero osandiyang'ana n'komwe, “manja kumbuyo.”

Pano ndasamala odwala ambiri, ndipo chovuta kuposa zonse pa ntchitoyi ndi chomwecho: kudziwa nthawi yoti ulemu ukhale kuima n'kudikira. Bulauziyo inandichepera kalekale. Batani lake n'lopendekeka, ulusi wake wakuda pansalu yoyera, koma mpaka lero silinathothoke.