Tadala wakana botolo, ndipo aliyense akudziwa chifukwa chake

Lachinayi, pa 4 Januwale. Ndinali pakhonde ndikusokerera batani pa yunifolomu ya achemwali anga a Esinati, mvula itangokata, nkhungu ikadali paphiri la Michesi. Yunifolomuyo yakhala m'chikwama chaka chathunthu. Achemwali anasiyira sukulu mu Fomu 3 atakhala ndi pakati, ndipo Lolemba likubwerali akuyenera kubwerera m'kalasi.

Pamphasa panali mayi athu, atafukata mwana wa achemwali, Tadala, wa miyezi isanu. Tinagwirizana kuti achemwali azifinyira mkaka wawo m'botolo m'mawa, mayi azimumwetsa mpaka sukulu itaweruka. Mu Disembala monse tinkayeserera, ndipo Tadala ankamwa mosavuta, atagwirira botolo ndi timanja take ngati analigula yekha.

Koma sabata ino watembenuka. Kamphira ka botolo kakangomukhudza pamlomo, amakakankha ndi lilime, n'kupotoza khosi, n'kuyamba kulira mpaka nkhuku kuthawa pabwalo.

Owerenga anga, kodi mumadziwa kuti m'mudzi mwathu muno muli akatswiri angati a za makanda? Inenso sindinkadziwa. Ndawaona sabata ino.

Oyamba kufika anali oyandikana nawo nyumba, amake Gift. Anamutsegula mwana pakamwa ngati akugula mbuzi pamsika, n'kunena kuti ndi mano. Atapeza kuti mulibe dzino ndi limodzi lomwe, anati, "Ndiye kuti ndi mkakawo. Munthu kumadzikama ngati ng'ombe, mwana angamwe zimenezo? Ife a Gift tinawalera opanda mabotolo."

Mayi anawakumbutsa kuti mkaka womwewo ndi umene mwana wakhala akumwa mwezi wathunthu. Amake Gift sanabwerere m'mbuyo. Anatsitsa mawu n'kutchula tsempho, kuti mwina bambo a mwanayu sakudzisunga kumene aliko. Atandiona kuti ndikumvetsera, anandituma kuti ndikaone ngati mbuzi zili bwino. Ife tilibe mbuzi.

Bambo a mwanayo nawonso anapereka maganizo awo. Iwowa ali kunyanja ya Chilwa, kumene akuti akugula matemba, ndipo Tadala anamuona komaliza asanayambe n'kumwetulira komwe. Anaimba foni kuti, "Mwana wanga ndimamudziwa ine. Watengera ine, safuna za pulasitiki." Asanafunsidwe za sopo wochapira matewera, netiweki ya kunyanjako inathawa. Netiweki imeneyi ndi yanzeru kwambiri, imadziwa nthawi yothawira.

Koma amene mawu awo ndi olemera ndi amalume, achimwene awo a mayi. Kwathu kuno ana a mlongo ndi a malume, ndipo iwo ndi amene anaperekeza achemwali kukapempha malo kusukulu, ngakhale anapita akung'ung'udza. Si munthu wankhanza ayi. Amatibweretsera nzimbe. Vuto lawo n'loti chilichonse chochitika padziko amachiona ngati uthenga wopita kwa iwo.

Anatsika panjinga, n'kukhala pampando, n'kumuyang'ana Tadala nthawi yaitali ngati akumvetsera nkhani pawailesi.

"Mlongo," anatero kwa mayi, "mwanayu wayankhula."

"Wanena chiyani, achimwene?"

"Wanena kuti amake akhale pakhomo chaka china. Sukulu siithawa. Ife tinavomera, aphunzitsi anavomera, koma mwiniwake wakana. Tingakangane ndi khanda?"

Achemwali anali atakhala chapambali, kope la Bayoloje lili pamiyendo. Anangolitseka pang'onopang'ono, n'kulisisita pachikuto. Chaka china chimenecho tonse tikuchidziwa. Atsikana angati a m'dera lino anauzidwa kuti chaka china, lero akugulitsa mandasi pa geti pa sukulu yomweyo?

Tsono taonani zimene zinachitika apa. Tadala sadziwa kuti Lolemba n'chiyani. Sadziwa Fomu 3. Dzulo lomweli ankayesetsa kudya chala chake cha kuphazi. Koma pofika masana ano anali atapereka kale chigamulo pa za maphunziro a atsikana, pa za khalidwe la amuna a kunyanja, ndi pa za kuipa kwa pulasitiki. Ndipo chodabwitsa n'choti aliyense amene anamumasulira anapeza kuti mwanayo akugwirizana ndi iyeyo.

Khalidwe limeneli si lapakhomo pathu pokha. Ife timakonda kwambiri munthu wosayankhula, chifukwa sakutsutsa. Pamaliro mumva wina akuti, "Malemu akanakonda kuti munda wa kudambo ukhale m'manja mwanga." Malemu ali chete m'bokosi, akuvomereza. Pamsonkhano wa chitukuko amaimirira bambo n'kunena kuti, "Amayi a m'mudzi muno akufuna bwalo la mpira." Amayiwo ali pansi pa mtengo, akuganiza za mjigo umene unawonongeka.

Ngakhale ine zimandichitikira. Poti ndine wamanyazi, anthu amandiyankhulira. Tsiku lina ndili wamng'ono wina ananena kuti, "Uyu amakonda khosi la nkhuku." Kuyambira pamenepo Khirisimasi iliyonse ndimalandira khosi. Sindilikonda. Ndimafuna ntchafu ngati wina aliyense.

Tibwerere pakhonde paja. Nkhani itafika pa za akuluakulu, amalume anati, "Iwe, tenga mwanayu upite naye uko, akutisokoneza." Ndiye kuti mwini chigamulo uja anathamangitsidwa pamsonkhano wake womwe. Ndinamubereka, n'kutenga botolo lija, mkaka wake wofinya masana omwewo, n'kupita kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango.

Analira pang'ono. Ndinamuika pamiyendo, n'kumuimbira kanyimbo ka Chilomwe kamene mayi amaimba akamapeta, ngakhale mawu ena sindiwadziwa bwino. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko, kufunafuna amake. Atawasowa, anausa moyo ngati nkhalamba, n'kutsegula pakamwa.

Anamwa. Anamwa mpaka botolo kuuma, n'kugeya, n'kugona nkhope ili pamkono wanga.

Ndili pomwepo ndinayamba kukumbukira. Mu Disembala achemwali ankakhala kumunda, kupalira chimanga, ndipo botolo linkaperekedwa iwo kulibe. Sabata ino asiya kumunda kuti awerenge, ndipo amakhala pakhonde pomwepo, pafupi ndi mphasa, akuyang'anitsitsa mwana wawo ndi nkhawa. Inu mungalandire kamphira kozizira mwini bere atakhala apo, mukumuona, fungo lake mukulimva? Tadala sakudana ndi sukulu. Akungodabwa kuti tikumupusitsiranji.

Ndinabwerera pakhonde, botolo lopanda kanthu lili m'manja. Amake Gift ndi amene analiona poyamba.

"Wautaya eti? Wachita bwino, unali utasasa."

"Wamwa," ndinatero. Koma mawu anga mukuwadziwa, amathera pakhosi.

"Akuti chiyani?" anafunsa amalume.

"Akuti wautaya," anayankha amake Gift.

Mwaona? Ndinayankhulidwiranso, ine ndili pomwepo. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano sasamala zinthu. Anakwera njinga, n'kulonjeza kuti abweranso mawa m'mawa kudzamaliza nkhaniyi, kuti ngati n'kotheka akauze aphunzitsi aakulu kuti malo aja apatse wina.

Madzulo ndinawauza achemwali tili kutsuka mbale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'madzi.

"Usandinamize, iwe. Wamwa wonse?"

"Wonse, achemwali. Mpaka kugeya."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye kuti kamfiti kameneka kakufuna ndichoke," anatero. "Nanenso ndamuyankhulira, eti?"

Funso langa kwa inu sabata ino ndi ili: mukamati mwana akufuna chakuti, malemu akanafuna chakuti, atsikana akufuna chakuti, mumakhala mutawayang'anitsitsa, kapena mumangobwereka pakamwa pawo poti paliponse pali chete?

Ine batani lija ndamaliza kusokerera, yunifolomu ndaipachika pamsomali. Mawa amalume akangotsamiritsa njinga, ndiwapatsa achemwali ndowa apite kumjigo wakutali uja, wa kuseri kwa tchalitchi. Ndikhala pamphasa moyang'anizana ndi mpando wa amalume, Tadala pamiyendo, botolo m'manja. Tadala akamaliza kumwa ndiliimika pafupi ndi mapazi a amalume, ndipo amake Gift asanatsegule pakamwa, ndinena ndekha, mokweza, kuti wamwa.