Timitsuko ta Taonga M'bafa Mwathu

Ndikukumbukira Disembala wathu woyamba ku Cannington, titangosamukira kutsidya kwa nyanja, kutentha kouma kopanda dontho la mvula. Ndinali ndisanazolowere Chingerezi cha kuno, ndipo mnzanga anali mmodzi yekha, Taonga, mwana wa aneba athu a ku Zambia. Ndiye anadzakhala mkazi wanga. Anatisiya chaka chatha.

Banja lawo likupita ku Lusaka kukadya Khirisimasi, Taonga anandibweretsera chomera chake. Chinali ndi masamba ataliatali, ndipo kunsonga kwa tsamba lililonse kunkalendewera kamtsuko kofiirira kokhala ndi chivindikiro. M'kati munali timadzi ndi nyerere zakufa. Pakamwa pake pankanunkhira ngati shuga wonyowa.

"Ukachipaya, sinizakambanso na iwe," anatero m'Chinyanja chake, n'kukwera galimoto. Za kasamalidwe sananene kanthu.

Makolo anga anachilandira ngati mlendo. Amayi, namwino amene anagonekapo ana ambiri a malungo ku Dedza, atangoona madzi odikha m'timitsuko anatikhuthula tonse. Bambo, pobwera kuntchito ku Kewdale, anafinya dothi lake ndi zala n'kupukusa mutu. Anati munthu wophunzira ngati bambo ake a Taonga sangadzale chinthu mu utuchi. Anathiramo manyowa a nkhuku, n'kuchiika pakhonde kuti chiwothe dzuwa ngati chimanga.

Sabata isanathe timitsuko tinayamba kuuma, tikuchita phokoso ngati mapepala ukatikhudza.

Ndinapita kulaibulale nditabisa kamtsuko kouma m'thumba la kabudula. Chingerezi cha m'mabukumo chinkandipitirira, choncho ndinkangofananiza zithunzi. Mitundu yake inali yambirimbiri, ina yaitali ngati chitoliro, ina yonenepa ngati mphika, ina yamawangamawanga. Ndinabwerera masana angapo. Tsiku lina ndinatembenuza chivindikiro cha kamtsuko kangako n'kuona timinga tiwiri kunsi kwake, tooneka ngati mano a njoka. M'buku lonse, chithunzi chimodzi chokha ndicho chinali ndi manowo.

Mayi wa palaibulale anandiwerengera pang'onopang'ono. Kwawo kwa chomeracho ndi ku Borneo, m'nkhalango za m'madambo, momwe muli mthunzi, chifunga chofunda ndi dothi lopanda chonde. N'chifukwa chake chimadya tizilombo. Manyowa amachiwotcha mizu, ndipo chimafuna madzi a mvula. Anawonjezera kuti nkhalangozo zikutha, chomeracho chikusowa.

Ndinakawafotokozera bambo zonsezi. "Ndiye kuti chimakonda umphawi," anatero, n'kupita kukatsuka mizu ndi madzi oyera othira mu batire ya galimoto, poti a mvula kunalibe. Tinachisamutsira m'bafa, ndipo ndinkapempha aliyense kuti azisamba madzi otentha, m'chilimwe chimenecho, kuti nthunzi ichuluke. Amayi anavomera kuti madzi abwerere m'timitsuko pokhapokha chomeracho chizigona mu neti. Anadula chidutswa cha neti yomwe tinachoka nayo kumudzi. Popeza tizilombo sitikanalowanso, ndinkatola nyerere pakhoma n'kumachidyetsa ndekha.

Taonga atabwera, timitsuko takale tonse tinali titafa. Kunsonga kwa tsamba limodzi kunali kamphukira kobiriwira, kosaposa njere ya mpunga. Anagwada pamatailosi n'kukayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima pakhomo.

"Iwe, manje neti ni ya chani?" anafunsa. Kenako anaseka mpaka anatsamira bafa.

Masiku ano zonsezi sizingachitike. Mwana wathu wamkazi, Mphatso, amangoloza foni pa tsamba, dzina ndi kwawo kwake zimatuluka nthawi yomweyo. Agogo ake anazolowera udzudzu wa kuno wopanda malungo. Tinasamukira ku Ellenbrook, kunyumba zofanana zonse, ndipo aneba timangopatsana moni tili m'galimoto.

Posachedwapa ndinamusimbira Mphatso nkhaniyi tili pa sitima. Amamva Chichewa, koma amayankha m'Chingerezi. Anafuna kudziwa mmene amayi ake ananenera za neti, osati mawu okha, koma kamvekedwe kake. Ndinayesa kuwayeserera. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Kachitatu ndinamuuza kuti tatsala pang'ono kutsika.