Anamukaniza Thoko ngakhale kuonera pawindo

Loweruka lapitali ndinachoka ku Lavington mtima ukuwira, ndipo mpaka lero sunazizire.

Amayi a ku Malawi amene tili kuno ku Nairobi tinaitana mayi wina wa saluni ya ku Westlands kuti adzatiphunzitse kudziphoda kunyumba kwa mnzathu wina ku Lavingtonko. Ine ndinapita ndi Thoko, mwana wa kwathu amene akuphunzira zosoka ndipo amakhala ku Umoja. Thoko anabadwa mwamuna, koma amadzidziwa kuti ndi mkazi, ndipo amakhala monga mkazi.

Sikuti ankafuna kutchena ayi. Akameta ndevu, pachibwano pamatsala kamdima kamene phoda wamba sabisa. Makondakitala a maminibasi a kuno, otchedwa matatu, akakaona amayamba kumukuwiza, ena kumukoka deresi. Anamva kuti a saluni ali ndi njira yobisira kamdimako. Akafunsa m'masitolo, atsikana ogulitsa amachotsa zodzoladzola pakauntala ngati kwalowa mbava.

Tisanakhale n'komwe pansi, mwini nyumba anandikokera kukhitchini. Akuti amuna awo ndi bwana ku ofesi, nkhaniyi ikamveka kumudzi adzayankha chiyani? Thoko anamva zonse ali pakhomo.

"Amayi, sindidya kanthu, pampando sindikhala. Ndingoonera pawindo basi," anatero chapansipansi.

Anamukaniza ngakhale windolo.

Ndinatuluka naye. Anzanga onse, omwewa amene Lamulungu amaimba mokweza kuposa aliyense, anangoweramira m'tikalilole tawo.

Tiuzane zoona, amayi anzanga. Kuno timavala mathalauza amene kumudzi kwathu amatiletsa, n'kumati koma ufulu ndi wokoma. Wogulitsa akatiseka Chiswahili chathu chotsimphina timadandaula sabata yonse. Ndiye ife tomwe tikapeza wofooka kutiposa, tizimutsekera geti? Ife phodayo timamufuna kuti tikawale kuphwando la mabwana. Mnzathu amamufuna kuti akafike kunyumba osamenyedwa. Ndikunena mosabisa, mwandichititsa manyazi.

Lolemba Thoko anabwera kwanga mlomo utatupa. Kondakitala wina anamukankhira pansi pasiteji anthu akuseka. Ine luso lophodalo ndilibe, ndinangomutsuka balalo ndi madzi amchere. Mawa akweranso matatu yomweyo.

Inu amene munatsala m'nyumba muja, luso munaliphunzira lonse. Kwanga mukukudziwa. Ndani mwa inu abwere kudzamuonetsa, asanathyoledwe dzino?