Mzimayi Amene Ankafa Masana Aliwonse

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndisanapondeko m'kalasi, pamene wailesi ya kanema inalowa m'nyumba mwathu ku Matero. Atate ankaphikira mzungu wina kumayadi. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira kanemayo, makina a vidiyo ndi tepi imodzi yokha. Atate ankati zinali m'tepimo zimatchedwa opera, sewero limene anthu ake salankhula koma amangoimba.

Chaka chimenecho amayi ankadwala chifuwa chosamva mankhwala. Anzanga akapita kusukulu ine ndinkatsala kuwasamala, pamodzi ndi mlongo wanga Dailesi, wa zaka zinayi. Masana aliwonse amayi ankandiuza kuti nditseke makatani, ndiike tepi. M'nyumba munkada, n'kungotsala kuwala kotuwa pankhope pawo ndi fungo la mankhwala opaka pachifuwa. Chilankhulocho sitinkachimva, ndipo mawu olembedwa m'munsi sindinkatha kuwerenga. Koma nkhani inkaoneka yokha. Munali mzimayi wodwala, wowonda, amene pomaliza ankaimba mokweza ngati mfuu ya maliro, mpaka kugwa n'kufa. Nthawi zina iye akagwira pachifuwa amayi ankatsokomola, moti sindinkadziwa kuti wayambitsa mnzake ndani.

Mzimayi uja akafa, chinsalu chachikulu chinkatsekeka, azungu oonerera n'kuyamba kuwomba m'manja. Kenaka chinsalu chija chinkatseguka, womwalira uja n'kutulukira ali bwinobwino, akumwetulira, maluwa ali m'manja.

Mbali imeneyi amayi sankaifuna.

"Akagwa chabe, uzimye," ankatero. "Dailesi asaone kuuka kuja."

"Chifukwa chani, bamayo?"

"Nimuphunzisa vinthu. Iwe zimya."

Kwathu mwana sauzidwa za imfa. Amangonamizidwa kuti uje wapita ulendo, iye n'kumakhalira kuyang'ana kunjira. Amayi anali atapeza njira yawoyawo. Ndikazimitsa, Dailesi ankafunsa, "Bazauka liti?" Iwo ankamusisita kumutu n'kuyankha, "Sibauka. Munthu akagona so, bantu bamalila, basi bamankhala."

Matenda atakula, amayi anayamba kumagona tepi isanathe. Tsiku lina mzimayi uja atagwa, chala changa chinafika pa batani koma sichinadine. Kupuma kwa amayi kunkamveka ngati macheka kumbuyo kwanga, ndipo ndinkafunitsitsa kuona munthu akudzuka. Chinsalu chitatseguka, Dailesi analumpha.

"Bauka! Baombela m'manja, bauka!"

Ndinamutseka pakamwa kuti asadzutse amayi. Kuyambira pamenepo chinakhala chinsinsi chathu. Mzimayi akafa, ife tinkawomba m'manja pang'onopang'ono pamodzi ndi azungu aja, iye n'kudzuka. Sanalepherepo ngakhale kamodzi.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira. Mipando inatulutsidwa panja pokhala azibambo, kanema anamusamutsira kuchipinda atamufunditsa chitenje. Tsiku loika maliro, bokosi linabwera kunyumba ndipo analiika pamalo penipeni pamene pankakhala kanemayo. Dailesi anali atamusungitsa kwa aneba.

Azimayi a kumpingo atamaliza nyimbo, munali zii, anthu akudikira pemphero. Ndiye kunamveka phwa, phwa, phwa. Dailesi anali atazemba, n'kudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Anaima pafupi ndi bokosi, maso ali pankhope ya amayi, akuwomba m'manja mosalira, mosaphethira. Azimayi amene anali pafupi anasendera kukhoma. Nkhalamba ina inanong'ona, "Mwana uyu aitana ndani?" Wina anati, "Mugwileni," koma palibe amene anatambasula dzanja. Ine ndemwe, ndikuvomera, ndinayang'ana zikope za amayi.

Atate sankadziwa kanthu. Anangonditchula dzina ndi mawu osasa. Ndinamunyamula Dailesi n'kupita naye kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Zikhatho zake zinali zotentha.

"Leka, Dailesi. Bamayo sibazauka."

"Nichifukwa naomba neka," anatero, akundikoka malaya. "Pa vidiyo bonse bamaomba. Iwe unali kuyangana chabe. Tiye tikaombe pamozi, basanatseke bokosi."

Sindinapite. Ndinamugwira mwamphamvu iye akundimenya ndi kundiluma, mpaka tinamva nyundo ikukhoma chivundikiro, ndipo lole yonyamula maliro inalira n'kunyamuka. Pamenepo anasiya kulimbana. Anandiyang'ana monga mmene umamuyang'anira munthu amene wakana kuvuula mnzake m'madzi. Mvula inagwa n'kukata iye asakundilankhula.

Sukulu ndinadzayamba ndevu zitamera, ndipo pano imvi zandidzaza m'mutu. Kwa zaka zambiri ndinkati amayi anali ouma mtima, kumuonetsa mwana wamng'ono imfa masana aliwonse. Tsopano ndikuona kuti ankadziwa kuti sadzakhalapo pa tsiku limene Dailesi adzafunse, choncho ankamuyankhiratu akadali ndi mpweya, ali pafupi kuti amusisite kumutu. Ine ndinkaganiza kuti ndikumuchitira chifundo mlongo wanga, pamene amene ndinkamutonthoza ndinali ine ndemwe.

Mkazi wanga atagonekedwa kuchipatala komaliza, mdzukulu wathu anandifunsa kuti agogo akewo abwera liti. Ana anga ankanditsinzinira diso kuti ndinene za ulendo. Ndinamukhazika pamwendo, ndipo ndinamuuza kuti sabweranso.